Chikwama cha Ulendo wa Tsiku Limodzi m'Nyengo ya Chisanu

Kabuku ka mabanja a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba

Chifukwa chake nchiyani?

Zokolola zikangolowa m'nkhokwe, maulendo amachuluka. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti wina akuperekeza fodya kapena thonje kumsika, wina akupalasa njinga kukapikula nsomba ku nyanja ya Amaramba, wina akupita ndi mwana kuchipatala, ena ali pa ulendo wa kumaliro, ku ukwati kapena kukaona ana ku chinamwali cha unyago. Ambiri mwa maulendowa ndi onyamuka mbandakucha nkubwera madzulo, ndiye munthu amangotola chipewa ndi ndalama zochepa nkumati, "Ndibwera lero lomwe."

Koma nyengo ya maulendoyi ndiyonso ya chisanu, ndipo dera lathu ndi la zitunda ndi zigwa. Cuamba ali pamalo okwera mamita pafupifupi 600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lichinga akupitirira mamita 1,300. Msewu wa N13 ukachoka ku Cuamba nkudutsa Mandimba umanka nukwera kupyola Massangulo m'boma la Ngauma. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Malaya amene akukukwanani masana ku Cuamba sangakutetezeni madzulo pa zitunda za Ngauma. Onjezanipo mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa imene imalimba mu Juni ndi Julayi, ndi masiku a nkhungu ndi mvula yowaza ija ambiri amaitcha chiperoni. Dzuwa nalo silichedwa kulowa: mu Juni, 5 koloko ikangopitirira pang'ono lapita, ndipo isanakwane 6 koloko kwada.

Ena amaganiza kuti chisanu chimapha anthu kumayiko a chipale chofewa kokha. Ayi. Mu Meyi 2021, m'chigawo cha Gansu ku China, anthu 21 ochita mpikisano wothamanga m'mapiri anafa tsiku limodzi. Anali anthu amphamvu, ozolowera mtunda, koma mvula, matalala ndi mphepo zinawapeza atavala makabudula ndi malaya opyapyala. Chimene chinawapha ndi kunyowa ndi mphepo, zinthu zimene ife kuno tili nazo.

Choncho longedzani chikwama poganizira ulendo umene wasokonekera: tcheni chaduka, minibasi ya chapa yafa panjira, mzere wa kuchipatala watalika, mdima wakupezani kutali ndi kwanu.

Momwe chisanu chimalowera m'thupi

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Likatsika kufika pansi pa 35, munthu wayamba kudwala, ndipo likapitiriza kutsika akhoza kufa. Zinthu zitatu zimathandizana kulitsitsa.

Choyamba ndi kunyowa. Chovala chonyowa chimakoka kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa chouma. Mvula si yokha imene imanyowetsa. Thukuta la pachikweza limanyowetsa, mame a m'mawa m'njira ya udzu wautali amanyowetsa mpaka m'chiuno, kuwoloka mtsinje nakonso chimodzimodzi. Pamene mukuyenda simumva kanthu. Vuto limayamba mukaima.

Chachiwiri ndi mphepo, imene imachotsa kampweya kofunda kamene kali pakati pa khungu ndi chovala. Wokwera njinga yamoto kapena wokhala pamwamba pa katundu m'lole amakhala m'mphepo ulendo wonse, ngakhale tsiku loti masamba sakugwedezeka.

Chachitatu ndi njala. Thupi limapanga kutentha kuchokera ku chakudya, monga moto umadalira nkhuni. Munthu amene wanyamuka m'mimba muli pululu nkuyenda maola asanu alibe chofunditsira thupi madzulo akafika.

Zonse zimene tilembe m'munsimu ndi zolimbana ndi zitatuzi, kuphatikizapo mdima.

Chikwama chake

Chabwino ndi chobereka kumsana, cha malamba awiri, kuti manja akhale omasuka kugwira ndodo kapena mahandulo a njinga. Chikwama chakale cha mwana wa sukulu chikwanira bola malamba ndi zipi zikhale zolimba. Sokani pong'ambika usiku woti mawa ulendo. Ngati palibe, mangani mtolo m'chitenje kapena sokani malamba pa thumba laling'ono la mpunga. Jumbo yonyamula pamanja imang'ambika ndipo imatopetsa dzanja.

M'kati mwa chikwama yalanimo pulasitiki yaikulu yosabooka, zonse zizilowa mmenemo. Zikwama zambiri za pamsika zimalowa madzi.

Musalemetse. Kwa munthu wamkulu makilo 5 kapena 6 akwana, madzi ali momwemo. Mwana asasenze chopitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lake.

Zovala: zitatu zopyapyala zimaposa chimodzi chochindikala

Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye tifotokoze bwinobwino. Munthu akavala chijekete chimodzi chachikulu pamwamba pa malaya, ali ndi zosankha ziwiri zokha: kuvala nkumatuluka thukuta, kapena kuvula nkumazizidwa. Wovala zitatu zosanjikiza amatha kuchotsa chimodzi, kubwezera china, malinga ndi momwe kunja kulili.

1. Cham'kati, chokhudza khungu. Chikhale chouma msanga. Jezi ya mpira imachita bwino pa ntchitoyi. Malaya a thonje amamwa thukuta nkulisunga, ndipo jinzi ikanyowa imatha tsiku lonse isanaume.
2. Chapakati, chofunditsa. Juzi ya ubweya kapena ya nsalu yofewa yamanyunyu imene imapezeka pa kaunjika. Ubweya umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono.
3. Chakunja, chotchinga mphepo ndi mvula. Jekete yopyapyala ya nayiloni kapena lenikoti. Ngati mulibe, boolani pulasitiki yaikulu pamutu ndi m'manja.

Ponyamuka m'mawa valani zonse, koma thupi likangoyamba kufunda, vulani juzi thukuta lisanatuluke, muiike m'chikwama. Mukaima kuti mupume kapena mudye, ivaleni nthawi yomweyo, musadikire kuyamba kunjenjemera. Ambiri amachita mosemphanitsa: amakwera phiri atavala zonse, nkuvula pamwamba pomwe pali mphepo.

M'chikwama muikenso izi:

- Malaya am'kati ena ouma, omangidwa m'jumbo yawoyawo. Awa musawakhudze mpaka pamene afunikadi.
- Sokosi zina zouma.
- Chipewa choluka chophimba makutu, kapena duku yochindikala.
- Chitenje chimodzi, abambo ndi amayi omwe. Chimafunditsa, chimamanga bala, chimakoleka dzanja lothyoka, chimasefa zinyalala m'madzi, ndipo ziwiri ndi mitengo iwiri zimapanga machira.
- Thumba lopanda kanthu lochapa bwino, lokhalira pansi. Nthaka yozizira imakoka kutentha kwa munthu wokhala kapena wogona.

Nsapato zikhale zotseka ndiponso zozolowera phazi lanu. Zatsopano zimatulutsa matuza, ndipo patapata amaterera pa mame, amaduka, sateteza ku minga kapena njoka.

Madzi ndi kamba

Kukazizira ludzu silimveka, koma thupi likutayabe madzi m'thukuta ndi m'mpweya. Munthu wamkulu anyamule malita awiri a tsiku lonse, azimwa pang'onopang'ono osadikira ludzu. Mabotolo awiri a lita imodzi ndi abwino kuposa chigubu chimodzi, chifukwa limodzi likabooka lina latsala.

Madziwo akonzedwe kunyumba: awiritseni, kapena thiranimo mankhwala a Certeza kapena WaterGuard motsatira malangizo a pa botolo, nkudikira mphindi 30 musanamwe. Kolera amene anavuta dziko la Mozambique kuyambira Sepitembala 2022 anayambira m'chigawo chathu chomwechino cha Niassa, m'boma la Lago, ndipo tsidya lina la malire ku Malawi anapha anthu ambiri nyengo yomweyo. Madzi a pachithaphwi kapena a m'chitsime cha panjira si oyenera kuwakhulupirira chifukwa chongooneka oyera.

Chenjezo: musathire madzi akumwa m'botolo kapena m'chigubu chimene munali mankhwala opopera fodya, thonje kapena ndiwo zamasamba, ngakhale mutatsuka kangati. Chakudyanso chisalowe m'thumba limene munali feteleza.

Amene ali ndi fulasiki athiremo tiyi wa shuga kapena phala lamadzimadzi. Thobwa nalo ndi labwino chifukwa ndi chakumwa komanso chakudya.

Kamba akhale wosavunda msanga, wosafuna kuphika, wopatsa mphamvu: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha kapena yophika, chinangwa, chigumu, zitumbuwa, nthochi, nzimbe zoduladula. Mtedza ndiwo mfumu pa zonsezi, chifukwa uli ndi mafuta ndipo dzanja limodzi lokha limakufikitsani patali. Mugawe kambayo pawiri. Gawo lalikulu ndi la masana, muzidya pang'ono maola awiri alionse. Gawo laling'ono, monga manja awiri a mtedza ndi masupuni angapo a shuga, limangidwe palokha pansi pa chikwama. Limeneli ndi la tsoka, ndipo ulendo ukayenda bwino libwerere kunyumba.

Musanyamuke osadya. Phala kapena mkute wotenthetsa bwino m'mawa ndi chovala choyamba.

Tizinthu ting'onoting'ono

- Tochi yokhala ndi mabatire abwino. Musadalire tochi ya pafoni, chifukwa imamaliza batire lomwe mufune poimba.
- Machesi kapena laita m'kajumbo komanga bwino, pamodzi ndi kachidutswa ka kandulo kapena ka mphira koyatsira nkhuni za chinyezi.
- Mpeni waung'ono.
- Chingwe cha mamita atatu kapena anayi, kapena malegeni.
- Wenzulo. Mawu a munthu wotopa samveka patali, koma wenzulo amamveka. Imbani katatu, pumani, imbaninso katatu.
- Foni yodzaza batire, ya mayunitsi. Isungeni m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, chifukwa kuzizira kumafooketsa batire. Komwe kulibe netiweki izimitseni.
- Kapepala kolembapo dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yanu ndi manambala awiri a abale. Foni ikathima, manambala ali m'mutu ndi ochepa.

Mankhwala ndi mapepala

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a BP, a shuga, a khunyu kapena opopera a mphumu, anyamule a masiku awiri, osati a tsiku limodzi, pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Mphepo yozizira ndi fumbi la nyengo ino zimadzutsa mphumu. Wodwala shuga asayende popanda shuga kapena maswiti m'thumba.

Onjezani kansalu koyera kochapa ndi kusita komangira bala, pulasitala wa matuza, kasopo, panado, ndi paketi ya mchere wobwezera madzi m'thupi imene imapezeka kuchipatala kapena kwa azaumoyo a m'mudzi. Ngati paketi palibe, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Nyamulani chiphaso chanu cha BI m'kapulasitiki. Wopita tsidya lina, ku Chiponde, Namwera kapena Mangochi, atenge mapepala oyenera, adutse pachipata chovomerezeka, ndipo afunsiretu nthawi imene chipatacho chimatsekedwa. Ndalama zigawidwe pawiri, zina m'chikwama zina pathupi, ndipo pakhale ya thiransipoti yobwerera imene simuikhudza pamsika. Musadalire M-Pesa kapena e-Mola yokha; komwe kulibe netiweki kapena wothandizira, ndalama ya pafoni siigula kanthu. Kumbukiraninso kuti m'midzi ya m'malire foni imatha kugwira netiweki ya dziko lina nkukana kuimba.

Wa njinga

Nyamulani pampu, zigamba, guluu, sipanala yokwana manati a matayala, ndi kachidutswa kolumikizira tcheni. Yesani mabuleki musanachoke, makamaka ngati mukatsetsereke ndi katundu. Pachikweza mumatuluka thukuta, potsetsereka mphepo imakumenyani pachifuwa chonyowacho, ndiye imani pamwamba muvale jekete musanatsike.

Wokwera njinga yamoto avale zonse zitatu asananyamuke, chisoti kumutu, magolovesi kapena sokosi m'manja mwa wokwezedwa. Nyuzipepala kapena katoni yopyapyala pachifuwa m'kati mwa jekete imatchinga mphepo bwino ndithu. Woyendetsa amene zala zake zachita dzanzi sangagwire buleki msanga. Muuzeni aime aothe manja.

Kalongedzedwe

Longedzani usiku, kukadali nyali ndi mtima wodekha. Wolongedza mbandakucha amaiwala.

1. Yalani zonse pamphasa, muziwerenge ndi maso.
2. Ikani pulasitiki yaikulu m'chikwama.
3. Pansi ikani zimene simuzifuna msanga: malaya ouma, sokosi, kamba wa tsoka.
4. Pakati, mogundana ndi msana, ikani zolemera: madzi ndi zitsulo za njinga. Zolemera zikakhala kutali ndi msana zimakukokerani kumbuyo. Pindani thumba lokhalira lija muliike pakati pa zitsulo ndi msana.
5. Pamwamba siyani malo a juzi ndi jekete, ndi kamba wa masana.
6. M'matumba a m'mbali ikani tochi, mpeni ndi mankhwala, poti muzipeze ngakhale mumdima.
7. Foni, mapepala, machesi ndi wenzulo zikhale pathupi. Chikwama chikhoza kutsalira m'chapa kapena kupita ndi madzi.
8. Berekani, yendani pabwalo. Chikamalendewera kufika m'matako, fupikitsani malamba.

Pangani nthawi yobwerera musanachoke

Munthu wamkulu pa njira yabwino amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola. M'mapiri, mumchenga, ndi mwana kumsana kapena ndi agogo, werengerani 3. Pobwerera mumakhala mutatopa, mwinanso ndi katundu, ndiye onjezani ola limodzi.

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera 5 koloko. Ngati popita mwayenda maola atatu, muyenera kunyamuka kumeneko 1 koloko masana. Nthawiyo ikakwana zinthu zisanathe, sankhani chimodzi: kusiya nkubwerera, kapena kugona komweko kwa abale nkutumiza uthenga kunyumba. Choipa ndi kunyamuka 3 koloko nkumati ndithamanga.

Ku Norway, kumene anthu amayenda mitunda italiitali pa chipale chofewa atamanga timatabwa totsetsereka kumapazi, anthu 18 anafera m'mapiri pa nyengo ya Pasaka ya 1967. Zitachitika izi, malamulo awo a m'mapiri anakonzedwanso nkuphunzitsidwa m'dziko lonse, ndipo lina mwa malamulowo limauza munthu kubwerera nthawi ikadalipo, osachita manyazi. Kwathu kuno manyazi omwewa ndi amene amayendetsa anthu usiku.

Uzani munthu wa pakhomo zinthu zitatu: kumene mukupita, njira imene mudzere, ndi nthawi yofika. Mukasintha njira, imbani. Ndipo kuyenda awiri si mantha; wina akathyoka mwendo, mnzake ndiye amakaitana anthu.

Mwana wa kumsana

Mayi woyenda amafunda chifukwa akugwira ntchito, koma mwana ali chete, ndipo kathupi kake kamataya kutentha msanga. Thukuta la kumsana kwa mayi limanyowetsanso chifuwa cha mwanayo. Muvekeni chipewa ndi sokosi, ikani kansalu kouma pakati pa iye ndi msana wanu, ndipo nyamulani zovala zake zina ndi matewera m'jumbo. Mukaima, gwirani pachifuwa ndi pamimba pake. Pakazizira, muvuleni zonyowa, muikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, fundani nonse, muyamwitseni. Mwana amene wangoti zii, sakulira, sakuyamwa, musamuyese kuti wagona bwino. Thamangirani naye kuchipatala ali pachifuwa chomwecho.

Zoopsa za m'njira

*Mitsinje.* Ngakhale madzi achepa nyengo ino, Lugenda ndi madambo a ku Amaramba ndi Chiuta ali ndi ng'ona ndi mvuu. Funsani eni dera pa dooko loyenera. Safunsa anadya phula. Powoloka pindani kapena vulani zovala zam'munsi kuti zisanyowe, masulani lamba mmodzi wa chikwama, gwirani ndodo. Madzi opitirira m'mawondo ndipo akuthamanga, musalowemo. Mukatuluka pukutani mapazi musanavale sokosi.

*Nkhungu.* Ikatseka m'phiri, monga ku Mitucué kufupi ndi Cuamba kapena pa zitunda za Ngauma, njira nkusokonekera, imani pomwepo. Valani zonse, khalani pathumba, imbani wenzulo. Woyendayenda m'nkhungu amazungulira malo amodzi kapena kugwera kuphompho.

*Moto wa m'tchire.* Kuyambira Julayi udzu wauma ndipo anthu ayamba kutentha. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri ndi kumene mphepo ikulowera, choncho musauthawire kumtunda. Pitani pamsewu, pathanthwe, kumtsinje kapena pamalo opsa kale. Inunso mukakoleza moto wootha, lambulani udzu mozungulira, ndipo pochoka uzimitseni ndi dothi mpaka phulusa lizizire. Moto wolekerera umatentha nkhokwe za anthu, ndipo ndi mlandu.

*Njoka.* Kukazizira mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira, ndipo sithawa. Yang'anani popondapo. Munthu akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe chothina. Muchotseni mphete, zibangili ndi nsapato malo asanatupe, mwendowo kapena dzanjalo lisagwedezeke, munyamuleni kupita kuchipatala.

*Zitsulo zachilendo.* Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo mu 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa. Komabe mukaona chitsulo chosadziwika m'tchire, musachigwire kapena kuchitola. Zindikirani malowo, mukauze mfumu kapena apolisi.

Chisanu chikamulowa mnzanu

Munthu wolowedwa chisanu sadzizindikira yekha, ndiye muziyang'anana. Poyamba amanjenjemera kwambiri, zala zimakanika kumanga batani. Kenako amayamba kupunthwa, kulankhula ngati woledzera, kuyankha zosagwirizana, kufuna kungokhala pansi agone. Akasiya kunjenjemera koma thupi lili lozizirabe, zafika poipa.

1. Muchotseni pamphepo, mumukhazike pathumba kapena pa udzu wouma.
2. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma zija, mumuphimbe mutu.
3. Funditsani chifuwa, khosi ndi m'khwapa poyamba. Mukumbatireni, mufunde chitenje chimodzi.
4. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mumwetseni chofunda cha shuga, kenako adye.
5. Musamupatse mowa. Kachasu amamveka kutentha pakhosi, koma amatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha kwa m'kati nkumathawa msanga.
6. Musamutikite mwamphamvu manja ndi miyendo, musamuyandikize kwambiri pamoto. Khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva.
7. Wosokonezeka mutu kapena wokomoka anyamulidwe mosamala, chogona, kupita kuchipatala. Musamumwetse kanthu.

Siyanitsani ndi malungo. Wa malungo amanjenjemeranso, koma mukamugwira thupi limakhala lotentha, mutu ukuwawa. Ameneyo akayezetse magazi tsiku lomwelo. Udzudzu umachepa nyengo ino koma sutha.

Mdima ukakupezani

Ngati pali mudzi pafupi, odirani kwa mfumu, kumzikiti kapena kutchalitchi, mufotokoze kuti ndinu ndani ndipo mukuchokera kuti. Kupempha malo ogona si chinthu chachilendo kwathu kuno. Akakupatsani mbaula, musagone nayo m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Otherani pakhomo potsegula, mbaulayo ituluke musanagone.

Ngati mudzi uli kutali, konzani malo kukadali kuwala. Pewani dambo ndi chigwa, chifukwa mpweya wozizira umatsikira kumeneko usiku. Pewaninso pamwamba penipeni pa chitunda pomwe pali mphepo. Pezani malo apakati, kuseri kwa mwala kapena chulu. Yalani udzu wouma wambiri, thumba pamwamba pake. Valani zouma, idyani kamba wa tsoka, kolezani moto waung'ono, khalani mogundana, ana pakati.

Zolakwa zofala

- Kuona dzuwa la 9 koloko nkusiya juzi kunyumba.
- Kuvala malaya opatula aja masana chifukwa oyamba ada, madzulo nkusowa chouma.
- Kudya kamba yense pa chakudya chimodzi.
- Kudzaza chikwama ndi zogula za kumsika, jekete nkumangirira kunja komwe inyowe kapena kugwa.
- Kudulira njira yachidule yosaidziwa dzuwa litapendeka.
- Gulu kumusiya m'mbuyo woyenda pang'onopang'ono. Wofooka ndiye aziyenda patsogolo.

Kwa otsala pakhomo

Nthawi imene munapangana ikapitirira ndi ola limodzi, imbani foni. Ikakana, imbirani kumene anapita mufunse nthawi imene ananyamuka ndi njira imene analowera. Akakhala kuti ananyamuka kale ndipo kwada, musadikire kuti kuche: uzani mfumu, pezani anthu osachepera atatu, atenge matochi, bulangete, zovala zouma ndi tiyi wotentha, atsate njira imene wapaulendoyo ananena. Mmodzi atsale pakhomo ndi foni, moto uli woyaka ndi madzi ali pamoto.

Wapaulendo akafika bwino, chikwama chikhuthulidwe tsiku lomwelo. Yanikani zonyowa, tsukani mabotolo, bwezeranimo machesi, mabatire ndi mankhwala amene agwiritsidwa ntchito, ndipo chipachikeni pa msomali pomwe makoswe ndi ana sangafike.